Singano Yafika Pofiira

Lamulungu, pa 3 Ogasiti

Lero ndatsuka chipinda cha injini ya boti lathu. Chonse, ngodya ndi ngodya. Kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Zaka 23 ndakhala ndikulakalaka tsiku limeneli.

Zinyalala thumba lodzadza. Mawaya opindikapindika 14. Zitini za girizi zopanda girizi 5. Supuni yothyoka. Masikulu a dzimbiri, amenewo sindinawerenge. Patapata zakale ziwiri, zobooka pakati ngati zadyedwa ndi makoswe. Zonsezi za achimwene. Munthu wamkulu ndithu kusunga patapata zobooka m'bokosi la masipanala! Ndakataya kudzala la padoko, kumene amatentha Lolemba lililonse m'mamawa.

Mapaipi ndapukuta imodziimodzi. Ndinamasulanso chivundikiro cha sefa, mmene mumadutsa madzi ochokera pansi pa boti asanapite kukaziziritsa injini. M'kati munali ndere ndi tizigoba ta nkhono. Kunsi kwa chivundikiro kunamatirira chinthu chakuda, cholimba ngati chikopa, ndikuganiza girizi wa zaka ndi zaka. Ndinapala ndi mpeni mpaka chitsulo chinawala. Ndamanganso bwinobwino, nati ndaiyesa kawiri.

Tsopano ukawerama pa injini umadziona nkhope. Ndinaima pamenepo kanthawi. Woti n'kumuonetsa palibe.

Mawa ukwana mwezi chigwereni achimwene. Iwo pansi ku injini, ine pamwamba ku chiwongolero, ndi mmene tagwirira ntchito chigulireni boti ili. Kuwolotsa anthu 7 koloko, kubwerako 9 koloko, ulendo wina masana. Mwezi wonsewu ndachita zonse ndekha ndipo sindinachedwepo ngakhale tsiku limodzi. Ndilembe zimenezi, poti palibe wina amene angazinene.

Iwo ali kwa mwana wawo wamkazi, telala uja, pamwamba pa chitunda. Mbali yakumanzere inafa, pakamwa panapotoka. Ndinakawaona kamodzi kuchipatala.

Kamodzi.


Lolemba, pa 4 Ogasiti

Manyazi aakulu.

Tinanyamuka 7 koloko ndendende. Anthu 19, njinga ziwiri, mbuzi imodzi. Geji ya kutentha kwa injini imakhala pa 80, zaka zonsezi singano yake imakhala ngati anaikhomerera. Lero 7:09 inali pa 90. Ndinaigogoda ndi chala, osatsika. 7:13 pa 100. 7:15 pofiira, ndi fungo la labala wopsa. Ndinazimitsa. Pakati pa madzi, kumtunda kutali, kutsidya kutali.

Kunangoti zii. Mbuzi yokha kulira.

Mayi wina wonenepa, amene amawoloka tsiku ndi tsiku ndi madengu a tomato, anati: "A Kansanza, mwapukuta mpaka mphamvu zomwe kodi?" Boti lonse kuseka. Dzina limeneli anandipatsa ndi achimwene, chifukwa cha kansanza kopukutira kamene sikachoka m'thumba langa lakumbuyo. Ndinalizolowera kalekale, koma lero linandilowa ngati minga.

Anatikoka ndi Fulumira, mwini wa boti lofiira. Mwa anthu onse, iyeyo. Poponya chingwe anati: "Gwirani madala, ndikuperekezeni kunyumba." Anthu anga anasamukira mwake, ine n'kutsala ndi mbuzi ija, kukokedwa ngati katundu mpaka padoko. Onse oyang'ana.

Masana anabwera a kapitawo a padoko, buku lawo kukhwapa. Sanakhale pansi. Lamulo ndimalidziwa: boti likajomba masiku 7 otsatana, nsanamira yoyamba ndi ulendo wa 7 koloko zimapita kwa wotsatira. Wotsatira ndi Fulumira. Anati: "Lolemba likudzali, 7 koloko, mukapanda kunyamuka ine ndilibe chochita. Lamuloli akulu anu omwe analemba nawo."

Nsanamira imeneyo anazika ndi achimwene okha. Chingwe chathu chaidya mpaka kusiya mzere wolowa chala. Ulendo wa 7 koloko ndi umene umakhala ndi anthu, enawo n'kungotentha dizilo. Ikapita imeneyi, boti latha.

Injini sindinaikhudze lero. Izizire kaye.


Lachiwiri, pa 5 Ogasiti

Achimwene ankakonda kunena kuti injini ikatentha usathamangire sipanala, uwatsate madzi mmene amayendera, kuyambira pansi pa boti mpaka potulukira ku ekizozi. Sankandiuza ine ayi, ankauza injiniyo. Ine ndinkangomvera ndili pamwamba. Lero ndatsata.

Poyamba pansi pa boti, polowera madzi. Kawirikawiri jumbo imamata pamenepo. Ndinavula malaya n'kumira. Zaka 54, kumira ngati mwana wa asodzi. Madzi ozizira koopsa. Ndinapapasa timabowo tonse ndi zala, katatu, kutuluka kukapuma, kumiranso. Palibe jumbo, palibe udzu. Chifuwa chikundiwawa mpaka pano.

Mpopi wa pansi, wolowetsa madziwo, ndi wotsegula mpaka kumapeto. Sefa ndinatsegulanso, yoyera ngati mbale yatsopano, nanga si ndinatsuka ndekha dzana. Lamba wa pampu ndinamudina ndi chala chachikulu, akulowa pang'ono monga mwa masiku onse, sanathetheke. Madzi a m'thanki ya injini ndi odzadza. Oyilo wakuda bwinobwino, osati wotuwa ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi sanalowe kumene sayenera kulowa. Pamenepo mtima unakhalako pansi.

10 koloko ndinaliza injini boti lili lomangirira. Ola lathunthu, maso pa geji. 80. Osasuntha. Ku ekizozi madzi akutuluka bwino, khwaa, khwaa. Ndinayamba kuyimba kamluzu. Ndinati mwina dzulo kanali kajumbo kanamata n'kuchoka kokha.

Ndinamasula chingwe kukayesa, ndekha. Nditangoipatsa moto, mphindi 11, singano pa 95. Ndinachepetsa, kubwerera mokwawa ngati wodwala. Pofika pansanamira singano yatsika yokha, yabwerera pa 80, ngati ikundiseka.

Ikamayenda pang'onopang'ono imazizira. Ukaipatsa moto imatentha. Nanga n'chiyani chimenechi? Ndi liwiro la pang'onopang'ono lija, mafunde a pakati paja sungawadutse.

Mayi wa tiyi wa padoko anabwera ndi makapu awiri, yanga ndi ya achimwene, chizolowezi. Anazindikira atafika kale pafupi, imodzi n'kuibisa kumbuyo. Ine ndinayang'ana kumbali ngati sindinaone. Anafunsa kuti akulu ali bwanji. Ndinati akupezako. Ndadziwa bwanji?

Kunyumba wailesi ndi ine. Chimwalirireni mayi a kunyumba, munthu amene ndinkalankhula naye tsiku lonse anali achimwene, ndipo kulankhula kwakeko kunali kukangana.


Lachitatu, pa 6 Ogasiti

Ndatsegula pampu ya madzi. Masikulu 6, ndinawandandalika pa nyuzipepala mmene ndinawachotsera kuti lililonse libwerere pake. M'kati muli kagudumu ka labala ka mapiko 12, kamene kamakoka madzi. Achimwene amati impela. Phiko limodzi long'ambika, ena awiri opsa m'mphepete ngati anazungulira pouma.

Ndinatsala pang'ono kuvina. Wakuba ndamugwira!

Mapiko ndinawerenga kawiri, onse 12 alipo, palibe kachidutswa kamene kanathothoka n'kukatseka kutsogolo. Ndinakulunga m'kansanza, ulendo wa kusitolo ya zitsulo.

Njira ya kusitolo imadutsa patsinde pa chitunda. Masitepe a simenti oyambira pamenepo amakathera pakhomo pa telala. Ndinaima. Ndinamanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale. Makina osokera amamveka pang'ono kuchokera pamwamba, kapena anali makutu anga. Ndinapitirira.

Ndilembe tsopano, mwina chichoka pakhosi. Masiku atatu asanagwe, ndinaponda girizi amene anasiya pa sitepe ya m'boti, n'kugwa chagada pamaso pa anthu. Ndinapsa mtima. Ndinati: "Tsiku limene mudzachoke m'boti muno ndi limene injini iyi idzapume." Iwo sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti: "Iwe Kansanza, wongola boti. Za pansi pano zisiye."

Masiku atatu. Anagwera pomwepo, pambali pa injini, sipanala ili m'manja.

Kuchipatala anandiyang'ana ndi diso limodzi, pakamwa pakuyesa kunena kanthu, malovu akutsika. Sindinadikire kuti ndimve. Ndinauza telala kuti boti lili lokha. Adokotala akuti ndi kuthamanga kwa magazi, kunayamba kalekale. Iwo anene zawo. Mawu aja ndinanena ndine.

Impela yatsopano ndaipaka sopo n'kuilowetsa, mapiko onse kupindikira mbali imodzi monga inalili yakale. Masikulu onse pamalo pake. Mphepo yakula, ndiyesa mawa.

Atsala masiku 4.


Lachisanu, pa 8 Ogasiti

Dzulo sindinalembe. Ndikanalemba chiyani? Mphindi 12, pofiira.

Lero ndinaitana Sipanala, makaniko wa magalimoto wa kuseri kwa msika. Wa maboti kuno kulibe, anali achimwene. Atangosuzumira m'chipinda cha injini anavula chipewa: "Iii madala, muno n'chipatala? Ndivule nsapato?" Ndinamuyalira nyuzipepala poponda. Sanapondepo.

Anati vuto ndi themositati, kachitseko kamene kamatseguka kokha madzi akatentha kuti azizungulira. Akuti pa magalimoto amangokachotsa n'kutaya. Ndinakana. Ndinapempha ketulo kwa mayi wa tiyi, tinakaponya m'madzi owira, tonse atatu kuweramira ketulo. Kanatseguka bwinobwino tikuona. Mayiwo anati: "Ndiye tiyi wa lero akhala wa dizilo, mumwa nokha."

Kenako tinatsegula chitini chachitali cha pa injini, mmene muli timapaipi ting'onoting'ono, momwe madzi a kunja amaziziritsira madzi a injini. Timafunika kutokosa ndi waya wautali woonda. Ndinafuna m'bokosi. Mulibe. Ndinakumbuka waya wina mwa 14 aja, wautali, wopindidwa kansonga ngati mbedza. Unali wa ntchito imeneyi. Ndinatuma Sipanala kukapempha sipoko ya njinga. Timapaipi 31, ndinatokosa tonse, ndikuwerenga. Titatu tokha tinali ndi matope pang'ono.

Tinakayesa awiri. Ndinamupatsa chiwongolero, ine n'kukagona chamimba kumbuyo kuyang'ana ekizozi. Chimene ndinaona ndi ichi. Pa moto wochepa madzi amatuluka mosadukiza. Pa moto wambiri, m'malo mochuluka amachepa. Amalavula, kudukiza, kutsokomola, kenako nthunzi. Ndiye kuti madzi akuthawira penapake. Mphindi 13, pa 100.

Titabwerera ndinayala nyuzipepala youma kunsi kwa polumikiza paliponse, malo 9, n'kuliza injini theka la ola. Ngakhale dontho limodzi. Mapepala onse ouma gwa. Madzi akusowa, koma sakudontha. Mutu wanga sukufikapo. Sukulu ndinalekera Sitandade 6, mwina a Fomu 4 akanadziwa.

Sipanala anapukuta manja pa thalauzi n'kunena kuti: "Madala, iyi yatopa ngati mwini wake. Aitaneni ogula zitsulo zakutha, mupumule." Sindinamufunse kuti akunena mwini wake uti.

Atachoka ndinakolopa mmene anaponda. Kenako ndinangokhala pa chidebe cha achimwene, chimene ankakhalira. Sindinakhalepo n'kale lonse. Kuchokera pamenepo umaona miyendo yokha ya munthu wa pa chiwongolero. Zaka 23 akuona miyendo yanga.

Kudzala ndinapitako. Phulusa lokhalokha.


Loweruka, pa 9 Ogasiti

M'mawa ndinapeza Fulumira akukulunga chingwe chake chofiira pa nsanamira yathu. Anati akungoyesa ngati chikukwana. Anamasula akuseka, koma a kapitawo anali pomwepo ndipo sanamuletse.

Ndamasulanso mapaipi onse a madzi, kuwauzira ndi pakamwa, kuwayang'anitsa kudzuwa. Palibe yotsekeka, palibe yophwafuka. Ndabwezera. Palibenso chotsala choti nditsegule.

Cha m'ma 11 koloko boti linagwedezeka, wina wakwera. Telala. Tepi yoyezera ili m'khosi, ndiye kuti anangodzuka pa makina. Mwana ameneyu ndinkamunyamula paphewa m'boti lomweli. Lero sanandipatse n'komwe moni wokwanira.

Akuti bambo ake tsiku lililonse 7 koloko isanakwane amafuna awatulutsire pakhonde. Kuchokera pamenepo doko lonse limaoneka. Amakhala chete mpaka amve injini yathu, ikangolira amalola kumwa tiyi. Mwezi wonsewu. Lolemba anaona tikukokedwa. Kuyambira tsiku limenelo sakudya bwino, amangomenya ndodo pansi n'kumaloza kudoko. Mawu anawatsalira awiri okha, "iwe" ndi "ayi".

Anati: "Ife sitikumva chimene akufuna. Mwina inu."

Ndinati ndili ndi ntchito yambiri, Lolemba layandikira. Anayang'ana injini, kuyambira uku mpaka uko. Anati: "Ndaona, ikuwala bwino." Potsika anatembenuka: "Bambo aang'ono, chitunda chija sichinatalike. N'chomwe chija."

Mwezi wonse amandimvera. Ine ndimaganiza kuti palibe amene akudziwa kuti sindinachedwepo.

Dizilo watsala wa ulendo umodzi, wopita ndi wobwera. Wathera m'kuyesayesa. Pogulitsira atseka kale, atsegula Lolemba 8 koloko.

Ndasita malaya. Sindikudziwa chifukwa chake.


Lamulungu, pa 10 Ogasiti

Masitepe ndi 86. Ndinawerenga kuti ndisaganize zina.

Ndinawapeza pakhonde, pa mpando wa nsungwi, bulangete m'miyendo, ndodo kudzanja lamanja. Aonda. Ndevu zayera zonse. Kumunsi doko likuoneka lonse, boti lathu ngati kabokosi ka machesi. Ndinati mwadzuka bwanji achimwene. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumalaya osita. Telala anandipatsa mpando n'kulowa m'nyumba, makina n'kuyamba kulira.

Mawu onse amene ndinakonza panjira anathawa. Ndinangotulutsa kabuku kano n'kuyamba kuwerenga za injini, kuyambira Lolemba, zinazo ndikudumpha. Anatsinzina, mutu kupendekera mbali imodzi, mmene ankachitira pomvetsera injini. Za kumira, anagwedeza mutu. Za lamba, za oyilo, chimodzimodzi. Za impela yopsa m'mphepete, chala chinagogoda pa ndodo. Za Sipanala, anafwenthera. Nditafika pa madzi otsokomola ku ekizozi ndi manyuzipepala ouma, anatsegula maso. Ndodo pansi, go! Dzanja likuzungulira chobwerera m'mbuyo.

Ndinabwerera pa Lachitatu. "Ayi." Pa Lachiwiri. "Ayi." Pa Lolemba. "Ayi." Dzanja likuzungulirabe. Linatsala tsamba limodzi, la tsiku lotsuka lija. Limenelo sindinafune kuwerenga. Ndodo, go!

Ndinawerenga. Thumba, mawaya, zitini. Pa patapata tsaya lawo linayamba kunjenjemera. Nditati "ndinapala ndi mpeni mpaka chitsulo chinawala", anakuwa: "Iwe!" Makina anasiya kulira m'nyumba.

Anapinda chala chachikulu ndi cholozera kukhala ngati mphete. Anatenga kapu ya tiyi, kuika mphete ya zala ija pakamwa pa kapu, sosala pamwamba. Kenako anachotsa zala, kubwezera sosala yokha, n'kukoka mpweya ndi milomo: fyuuu. Anabwereza kawiri, akundiyang'ana.

Chinthu chakuda chija sichinali girizi wouma. Inali mphete yotsekera mpweya pa chivundikiro cha sefa, yodula kuchokera ku patapata. Patapata zobooka zija si makoswe, ndi mmene ankadulamo. Popanda mphete, chitsulo pa chitsulo, pampu ikakoka mwamphamvu imakoka mpweya m'malo mwa madzi. N'chifukwa chake sipadontha. Pamenepo sipatuluka kanthu, pamangolowa. Sabata yonse ndakhala ndikufuna dontho pamalo poti sipangadonthe. Sefa ndinaitsegula kawiri, ndikusirira kuyera kwake.

Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinadzidzimuka, ndimati kudwala kuja kwabweranso. Kunali kuseka. Mbali imodzi ya pakamwa, misozi ikutsika, ndodo ikugunda pansi. Nanenso ndinayamba. Pakati pake kwanga kunasiya kukhala kuseka, ndinabisa nkhope m'kabuku.

Ndinati: "Achimwene, mawu aja ndinanena..." Anandidula: "Ayi." Ndodo inaloza phazi lawo lakumanzere, lakufa lija. Lavala patapata yatsopano yabuluu, kunsi kwake kosapondapo dothi. Telala ali pakhomo anati: "Bambo, ndangogula kumene zimenezo!" Iwo: "Iwe."

Ndinagwada n'kuwavula. Phazi lozizira, lopepuka. Ndisanadzuke, dzanja lawo lamanja linandigwira pamkono. M'zikhadabo mukadali mwakuda, mwezi wonse wa sopo wa telala sunachotse. Anafikisa zala ziwiri, kuloza mbali iyi ya patapata ndi inayo. Girizi, mbali zonse. Ndinati ndamva. Kenako dzanja lija linapita kuthumba langa lakumbuyo, kusolola kansanza, kukalowetsa kunsi kwa ntchafu yawo. Anakakhalira. Anayang'ana kudoko ngati palibe chachitika.

Ndadula masana ano. Patapata ndi imodzi, kulakwitsa kulibe. Ndinajambula ndi pensulo mozungulira chivundikiro, kuyeza kanayi, kunola mpeni, womwe uja. Girizi mbali zonse, wambiri. Pomanga nati girizi anafinyikira kunja ngati phala. Dzanja linapita lokha kuthumba. Mulibe kanthu.

Ndaliza mphindi 5 pansanamira, 80. Koma pansanamira imanamiza masiku onse. Kukayesa pakati sindingathe, dizilo. Tikaonera mawa, anthu ali m'kati.


Lolemba, pa 11 Ogasiti

Ndikulemba ndili kutsidya. Nthawi 7:52.

Anakwera anthu 8 okha, ena anati adikira boti lofiira. Mayi wa tomato anakwera. Anati akamira amira ndi kasitomala wake wakale, koma madengu anawaika pafupi ndi chubu chopulumutsira. A kapitawo anaima pansanamira, wotchi m'manja. Fulumira pambali pawo, chingwe paphewa.

7:00 kunyamuka. 7:05, 80. Ndinaipatsa moto wonse. 7:09, 80. 7:13, 80. 7:15, malo amene tinaima paja, 80. Ndinapempha bambo wina wa njinga kuti akasuzumire ku ekizozi. Anakuwa kuti madzi akutuluka ngati mpopi wa ozimitsa moto. 7:30, 80. 7:41 chingwe pansanamira ya kuno.

Hutala sindiliza wamba, imadya batire. Lero potuluka padoko ndinaliza katatu, chakuchitunda. Patali, munthu sungamuone. Pakhonde paja panali kanthu koyera kakugwedezeka. Mwina zovala pa chingwe. Mwina kansanza kanga.

Pa chivundikiro cha sefa girizi wayenderera mpaka pansi. Ndamusiya. Tsamba linonso lada ndi zala. Chotsala cha patapata, chobooka pakati, ndaika m'bokosi la masipanala. Mukhoza kutuluka mphete ina yaing'ono.

Ndayeza pambali pa injini, pamene pamakhala chidebe. Mapazi atatu ndi theka. Mpando wa nsungwi uja ukhoza kulowa ngati nditaumangirira ku chitsulo ndi kuika pilo kumanzere. Sangagwire sipanala, koma makutu ali nawo, ndi ndodo. Telala akana poyamba. Ndimugulira patapata zina.

Vuto ndi masitepe. 86, otsetsereka, pa nambala 40 pali pogumuka. Munthu mmodzi sangawatsitse, msana wanga ndi uno. Pafunika awiri, wina wa mphamvu. Padoko ponse wa msana wotero ndi Fulumira. Iii. Ndikayambe bwanji? Zaka zonsezi sindinamupemphepo kanthu. Mwina ndingoti, iwe Fulumira, chingwe chako chija chinakwana bwino pansanamira, tabwera nacho timangire mpando wa

Akuitana, anthu akwera kale.